Maloko Atatu pa Chitseko Chimodzi

Olemekezeka Bwanamkubwa wa boma lathu lino la Mzimba, amene mwatilandira pabwalo panu;

Olemekezeka Makhosi athu pamodzi ndi nduna zanu, eni nthaka imene tamangapo nyumbayi, ndagwada;

Olemekezeka Phungu wa dera lino ndi makhansala onse;

Olemekezeka nthumwi za Banki Yaikulu, anzanga akale a kuntchito, amene mwachoka ku Lilongwe mutavala masuti opyapyala ngati palibe anakuuzani za chisanu cha kuno mwezi wa Julaye;

Olemekezeka mameneja a mabanki awiri a pa Boma pano, Bambo McDonald Gausi ndi Bambo Jones Hara, amene lero mwakhala pabenchi imodzi osagundana zigongono;

Olemekezeka Mayi Selina Zgambo, wapampando wa sako ya alimi, bungwe lawo losunga ndi kubwereketsa ndalama, pamodzi ndi mamembala anu;

Atsogoleri a mipingo, apolisi ndi atolankhani. Maejenti a ndalama za pafoni amene mwapinda maambulera anu kuti mudzakhale nafe. Anzathu ocheka matabwa amene mwatsika kuchokera ku Chikangawa. Akabaza amene mwaimika njinga kuseri kwa mpanda mutamva mphekesera ya mpunga, ulipo ndithu, koma ndiyambe ndalankhula. Amayi ndi abambo nonse,

Monire mose.

Mwandiyankha bwino. Chitumbuka changa cha lero chithere pomwepo, chifukwa alendo athu a ku Lilongwe ndi anzathu a matabwa ochokera ku Thyolo, ku Ntcheu ndi ku Mulanje nawonso ayenera kumva pamene akunenedwa. Koma mukamva lilime langa likupotokera kwathu ku Engutwini, musadabwe, mbwenu ndimo tinabadwira.

Ine ndine Providence Nzima, kumudzi amati NyaNzima. Ndinagwira ntchito ku Banki Yaikulu mpaka tsitsi linayera, kunthambi yoona kuti ndalama yochoka kubanki ina ikafike kubanki ina. Pano ndinapuma, ndikuweta nkhuku, ndipo nkhukuzo zimandimvera kuposa mmene mabanki ankandimverera. Ndiyamikirenso wotsogolera mwambo wathu, amene poyamba paja analamula mwaukali kuti aliyense azimitse foni yake, osati kuichotsa mawu chabe, koma kuzimitsiratu. Ndinaona anthu akuluakulu akupisa m'matumba mwamantha ngati ana a sukulu. Mwagwira ntchito, bambo.

Tasonkhana kuti titsegule kanyumba kali kumbuyo kwangaku. Kukaona kunja n'kosachititsa kaso. Kalibe mawindo, kalibe khonde, ndipo mayi wina pamsika dzulo anandifunsa ngati a khonsolo amanga chimbudzi cholipiritsa. Choncho ndiloleni ndifotokoze chimene chili m'katimo, kuti pasapezeke munthu wogogoda ndi ndalama yachitsulo m'manja.

Mukatumiza ndalama kuchokera kubanki yanu kupita kubanki ya mnzanu, palibe amene amanyamula chikwama n'kuthamanga nacho. Chimene chimayenda ndi uthenga. Banki yanu imati, uyu tamuchotsera. Uthengawo umapita pamphambano pomwe mabanki onse amakumana, kuchoka apo umalowera kubanki ya mnzanuyo, nayo iyankhe kuti talandira, tamuikira. Kenako mabanki awiriwo amakakonza za pakati pawo ku Banki Yaikulu, kumene banki iliyonse ili ndi akaunti yake, pajatu nawonso mabanki ali ndi banki yawo. Zonsezi zimatha musanabweze foni m'thumba, koma pokhapokha msewu wa uthengawo ukhale wotsegula.

Kale pa Boma pano aliyense anali ndi kamsewu kakekake. Banki ya a Gausi inali ndi chingwe chake, mbale yake padenga ndi jenereta yake. Banki ya a Hara chimodzimodzi, ndipo jenereta yawo anagula yaikulu pang'ono kuti izimveka kuposa ya anzawo. Sako ya alimi inkadalira kamlongoti kopyapyala kamene mphepo ya ku Viphya ikaomba kankatembenuka n'kumayang'ana ku Zambia. Munthu mmodzi akakhapa chingwe ndi khasu polima, mumadziwa nokha mawu amene mumauzidwa pakauntala, akuti netiweki yagwa. Mlimi wachokera ku Euthini panjinga, wafika thukuta lili kamukamu, n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Zinkandipweteka mtima ndili ku Lilongwe, chifukwa ndinkadziwa kuti wouzidwayo ndi m'bale wanga.

Tsopano atatuwa agwirizana kukhala ndi msewu umodzi wabwino m'malo mwa tinjira titatu tambewa. M'kanyumbamo mwalowa chingwe chimodzi chachikulu cha faiba. Chikaduka, uthenga umakwera mlongoti mukuuonawo. Magetsi akathima, muli mabatire odya dzuwa. Makina a sako, amene amasunga maakaunti a alimi, nawo akhala momwemo. Ndipo musaope, ndalama sizisakanikirana ayi. A Gausi sangasuzumire makasitomala a a Hara, ngakhale ndikudziwa kuti amalakalaka. Chogawana ndi msewu, katundu aliyense ali ndi wake. Pa nzeru imeneyi ndikuwayamikira ndi mtima wonse, ndipo ndikupempha kuti tiwaombere m'manja.

Zikomo. Ombani mokwanira, chifukwa pa zimene zikubwerazi sadzaomberedwa.

Taonani chitseko chili kuseri kwa riboniyo. Amaso akuthwa aona kale. Pampiringidzo umodzi pali maloko atatu, wina wagolide, wina wasiliva, wina wamkulu ngati wa pageti ya ndende. Mbiri yake ndi iyi. Nyumba itatha, funso linabuka lakuti kiyi asunga ndani. A Gausi anati banki yawo ndiyo yakale pa Boma pano. A Hara anati denga ndi mabatire anagula ndi iwo. Mayi Zgambo anangofunsa modekha kuti kodi malowa ndi a ndani, podziwa kuti malo ndi a sako. Anakumana, anamwa zoziziritsa kukhosi, anakumananso, anadya nkhuku, mpaka anapeza chigamulo chimene anachikonda onse. Anaitana wowotcherera kuti aboole mabowo atatu pampiringidzo, aliyense akolekepo loko wake, chitseko chisatseguke pokhapokha onse atatu akhalepo. Ndamva kuti anagwirana chanza ndi kujambulitsa chithunzi.

Ndiye pali injiniya wathu, Temwa Soko, mayi waima apoyo wavala ovololo, amene atatuwa anamulemba ntchito yosamalira makina m'katimo. Anamupatsa yunifolomu, anamupatsa nsapato zachitsulo kumphuno, anamupatsa ndi chipewa cholimba. Kiyi sanamupatse.

Apa ndipemphe chikhululukiro kwa Makhosi, chifukwa ndilowetsa nkhani ya kunyumba pamwambo wa boma. Sindikuchitira mwano, mumva chifukwa chake.

Ndili ndi mlongo wanga, wamng'ono kwa ine, Bambo Limbikani Nzima. Ndi awo akhala mzere wachiwiri, avala chipewa cha nthenga, amene akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Ali ndi mwana wamkazi, Charlotte, amagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto m'sitolo ina ku Euthini. Ine ndine nkhazi wake, a ku Lilongwe mumati azakhali. Charlotte anakondana ndi Aaron Namakhwa, wa ku Thyolo, wocheka matabwa ku Chikangawa. Anabwera kudzatsitsa matabwa a mashelefu pasitolopo, mashelefu anatha, koma iye ankabwerabe kudzaona ngati sanapindike.

Kwawo kwa Aaron mwamuna akafuna mkazi amapita kwa atsibweni, n'kukamanga nyumba kwa mkaziyo, basi. Atauzidwa kuti kuno timafuna lobola, ng'ombe zenizeni, anaseka poganiza kuti ndi nthabwala zolandirira alendo. Ataona kuti palibe wina akuseka, anabwerera kumapiri kuja n'kuyamba kusunga. Anasiya tiyi wamkaka. Khrisimasi sankapita kwawo. Anzake akamatsikira ku Mzuzu malipiro akatuluka, iye ankatsala ndi utuchi. Alongo angawa anavomera kuti ng'ombezo zibwere ngati ndalama, akagule okha kumsika, ponena kuti munthu wa ku Thyolo amadziwa tiyi ndi nthochi, angamugulitse ng'ombe yopanda mano iye n'kuthokoza. Ndalamazo zinali kubanki ya a Hara. Alongo anga akaunti yawo ili kusako. Kuyenda ndi chikwama pa minibasi Aaron anaopa, ndipo ine ndemwe ndinawatsimikizira onse kuti foni ndi yodalirika, popeza kanyumbaka kanali katayamba kale kugwira ntchito moyeserera.

Linafika Loweruka lake. Kwathu ku Engutwini mphasa zinayalidwa, akuluakulu anakhala, thobwa linazungulira. Thenga wa Aaron, Bambo Richard Shaba, amene amamulankhulira pa nkhani za ukwati, anagwada ndi foni ya Aaron m'manja. Mwini wake anaima patali kuseri kwa khola, monga mwa mwambo, poti mkamwini saonetsa nkhope pa nkhani zotere. Pakati pa mphasa panali mbale imene thenga amaikamo zimene wabweretsa. Tsikulo m'mbalemo munagona foni ya alongo anga.

A Shaba anadina. Foni ya Aaron inalira, n'kunena kuti ndalama zachoka. Tonse tinatembenukira kumbale.

Mbale ili duu.

Tinadikira. Nkhuku inadutsa, inasuzumira m'mbalemo, n'kupitirira. Amalume ena anayamba kukamba za mtengo wa feteleza kuti aphimbe manyazi. Ndiwo zinazizira, zinatenthetsedwa, zinaziziranso. Ine, mayi wa ku Banki Yaikulu, ndinali nditanyamula foni m'mwamba pachulu, chitenje chikuuluka, ndikufunafuna netiweki imene inalipo kale yodzaza.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti pa Boma pano magetsi anali atathima. Mabatire anali odzaza bwinobwino, koma masiku amenewo pankafunika dzanja la munthu kuti likankhe swichi yosinthira ku mabatirewo, ndipo swichiyo inali m'kati. Uthenga wa Aaron unachoka, unakafika pamphambano paja, unabwerera kuno kudzafuna makina a sako, n'kupeza ali gone mumdima. Temwa anali ataima pachitseko ndi chipewa chake cholimba, akuyang'ana maloko atatu.

A Gausi, ndiwayamikire, anafika msanga kuchokera kokonzekera kwaya. Anatsegula loko wawo wagolide, n'kuima pambali manja m'chiuno ngati munthu amene wamaliza mbali yake. A Hara anali kumaliro ku Euthini, kiyi ali m'thumba la jekete, foni atazimitsa, ndipo pamenepo sindingawadzudzule chifukwa maliro ndi maliro. Mayi Zgambo anapezeka kunyumba, anabwera akuthamanga, anagwira pangodya ya chitenje pomwe amamangirira kiyi, n'kukumbukira kuti chitenje cha kiyicho anabwereka mng'ono wawo amene anapita ku Jenda kukapikula tomato. Kabaza wina anati bwanji tingodula malokowa ndi sowo. A Gausi anayankha kuti sangalole kuti katundu wa banki ina adulidwe popanda chilolezo cha kulikulu, ndipo kulikuluko Loweruka masana kumakhala mlonda yekha.

Musaseke kwambiri, a Hara, inunso mukanayankha chimodzimodzi.

Tsiku lonse Boma linaima. Makina otapira ndalama anali ngati makabati. Maejenti anakhala pansi pa maambulera akuthamangitsa ntchentche. Amene anabwera kudzagulira odwala awo mankhwala anabwerera manja ali m'mbuyo. Ndipo kwathu dzuwa litapendeka, alongo anga anaimirira n'kufunsa mwa Chitumbuka, “A Shaba, ng'ombe zinu zili nkhu?” Ndiye kuti, ng'ombe zanu zili kuti.

A Shaba anayankha motsitsa mawu kuti zili m'njira.

Alongo anga anati, “Ng'ombe yotuluka m'khola m'mawa, mpaka dzuwa kupendeka osafika, ndiye kuti m'kholamo munalibe ng'ombe.” Anatola foni yawo m'mbale, n'kulamula kuti mphasa zipindidwe. Ananenanso mawu ena okhudza anyamata a masiku ano ndi utambwali wa pafoni, amene sindingawabwereze pamaso pa abusa.

Ndinapita kuseri kwa khola. Ndinamupeza Aaron atakhala pansi, foni ili pamwendo. Kwake ndalama zachoka, kwa apongozi sizinafike, zaka zonse za utuchi zija zili m'malere. Sanalire, koma ndikanakonda akanalira, chifukwa nkhope imene ndinaiona inali yoposa kulira. Anangondifunsa kuti, “Amayi, munati n'zodalirika?” Ndinakwiya kwambiri, moti a Gausi ndi a Hara akanakhala pafupi tsiku limenelo bwenzi lero tikutsegula nyumbayi ndi mameneja atsopano.

Sabata yotsatira ndalama zinabwerera mu akaunti ya Aaron zonse, osaperewera. Makina amabweza chimene sichinafike, pamenepo sanalakwe. Koma dzina lake silinabwerere. Ku Engutwini anayamba kumutcha mkamwini wa ng'ombe za mumlengalenga. Ndipo monga mukudziwa, kwathu kuno sikusowa mnyamata wa ku Joni. Alipo wina, ali ndi galimoto ya pikapu, nsapato zosongoka, ndi ng'ombe za miyendo inayi m'khola la bambo ake. Akufika mwezi wamawa, ndipo alongo anga anauza Charlotte kuti akonzeke kumulandira. Charlotte sakumufuna. Anabwera kwa ine maso atatupa, n'kunena kuti akakamizidwa athawira ku Thyolo, ndipo mwana akathawa chotero sabwereranso pakhomo pa bambo ake. Mlongo wanga akanataya mwana, mwana akanataya kwawo, chifukwa cha chitenje chimene chinapita ku Jenda.

Tsono ndikuuzeni nkhani ya kale, imene alongo anga sakonda kuti ikambidwe pagulu.

Ndili mtsikana, bambo athu ndi abale awo awiri anasonkherana n'kukhala ndi ngolo imodzi. Inali ngolo yoyamba m'mudzi mwathu. Bambo anapereka ng'ombe zokoka, bambo aang'ono ena anagula mateyala, enawo anakhoma thupi la ngolo ndi goli. Ankakondana ndithu, koma kukhulupirirana kunali kochepa. Ntchito ikatha, mwini mateyala ankawamasula n'kuwagubuduzira kunyumba kwake, mwini goli ankalinyamula paphewa, bambo ankatsekera ng'ombe zawo, ngolo n'kutsala pabwalo itakhala pamiyala. Aliyense ankagona mtima uli m'malo podziwa kuti mnzake sangapite nayo kumowa.

Tsiku lina m'mawa mayi athu, amene anali oyembekezera, anayamba kumva kupweteka nthawi isanakwane. Ng'ombe zinalipo. Goli linabwera. Mwini mateyala anali atapita ku Embangweni, atakhoma nyumba, mateyala ali kunsi kwa bedi. Amayi anzawo anawagwira m'mapewa n'kuyamba nawo ulendo wa kuchipatala wapansi. Sanafike. Pansi pa mtengo wa msuku, m'mbali mwa msewu, azimayi anazungulira ndi zitenje, mwana n'kubadwira pomwepo. Mwana ameneyo ndi uyo wavala chipewa cha nthengayo. Mpaka lero okalamba a kwathu amamutcha Chanthowa, kutanthauza wa panjira.

Mukuseka, nanenso ndimaseka ndikamafotokoza. Koma tsikulo sitinaseke. Mayi anataya magazi ambiri, anatsala pang'ono kutisiya, ndipo sanaberekenso. Atachira, bambo anaitana abale awo, anabwezera mateyala pangolo, anatenga nyundo n'kuphwanya mitu ya mabawuti onse kuti pasapezeke sipanala yowamasulanso. Ngoloyo inatumikira mudzi wonse mpaka inatha yokha.

Ndiye ndinapita kwa mlongo wanga n'kumuuza kuti, “Iwe Limbikani, unabadwira panjira chifukwa akuluakulu anatsekera mateyala. Lero ukukana mwana wa eni chifukwa akuluakulu ena anatsekera ng'ombe zake panjira?” Anayamba kukanda galu ndi ndodo. Kenako anati apereka mwayi umodzi wokha. Foni ikalira pamaso pa Makhosi, mbwenu wavomera. Ikapanda kulira, ndisadzatchulenso dzina la Aaron pakhomo pake.

Choncho pamene komiti inandiitana kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinavomera, koma ndinati lumo sindigwira maloko ali chomwecho. Swichi ija anaikonza kale, pano imasintha yokha magetsi akathima. Chatsala ndi chitseko, pajatu makina ndi makina, mawa china chidzafuna dzanja la munthu. Nyundo ya bambo ndilibe, koma ndabwera ndi unyolo. Temwa, bwera nawo.

Bambo Gausi, Bambo Hara, Mayi Zgambo, imirirani mubwere kuno ndi makiyi anu. Riboni sindinadule, ndiye dutsani pansi pake. Weramani, a Gausi, msana wa meneja nawo umapindika. Aliyense atsegule loko wake amuchotse pampiringidzo. Mwaona nthawi imene yatha, ndipo apa onse atatu alipo, palibe ali ku Jenda.

Tsopano Temwa wapisa unyolo m'zigwiriro za chitseko. A Gausi, kolekani loko wanu kunsonga iyi ya unyolo. A Hara, wanu musamukoleke paunyolo ayi, mukolekeni m'kati mwa loko wa a Gausi. Inde, momwemo, sakulumani. Mayi Zgambo, wanu agwire loko wa a Hara mbali ino, ndi nsonga inayo ya unyolo mbali iyo. Tsekani nonse. Amene muli kumbuyo simukuona, ndikuuzeni: maloko atatu aja tsopano agwirana ngati mphete za unyolo womwewo. Aliyense akadali ndi loko wake ndi kiyi wake, palibe walandidwa ulemu. Koma mmodzi yekha akatsegula wake, unyolo wonse wamasuka.

Mayi Zgambo, yesani nokha. Ndaona kuti lero kiyi ali pachitenje chimene mwavala. Azibambo, manja kumbuyo.

Chatseguka. Ombani m'manja tsopano, awa ndi oyenera.

Ndikuona a Hara akuyang'ana a Gausi ndi diso lakuti, nanga uyu akadzalowa yekha? Pamwamba apo pali kamera, bambo, ndipo makabati a m'katimo aliyense ali ndi lake lokhoma. Chimene mwapatsana lero ndi khomo lokha. Ndipo musanakhale pansi, aliyense achotse kiyi wapadera pamphete yake ampatse Temwa. Chipewa cholimba chokha sichitsegula chitseko.

Olemekezeka Makhosi, nkhani ya lobola sikambidwa pa maikolofoni, ndikudziwa. Inakambidwa kale kunyumba, pamphasa, mwa dongosolo lake. Pano ng'ombe zingodutsa, ndipo ndapempha kuti zikhale zoyamba kuponda msewu watsopanowu. Mwagwedeza mitu, ndathokoza.

Charlotte, bwera ndi mbale ija uiike patebulo pamaso pa Makhosi. Alongo anga, ikanimo foni yanu. A Shaba, yandikirani. Wotsogolera mwambo atikhululukire, yatsani foni ya Aaron. Mwini wake ndi uyo waima kutali pafupi ndi njinga za akabaza, wavala jekete lobwereka, sangayandikire poti apongozi ali pano. Chiwerengero musatchule, a Shaba, pano pali achibale ambiri. Mwakonzeka? Dinani.

Yalira ya Aaron. Akuti zachoka.

Tiyang'ane kumbale.

Tidikire pang'ono. Nthawi zina uthenga umachedwa pang'ono pokha. Anzanga a ku Banki Yaikulu, musayang'ane pansi, yang'anani kuno. Amayi a kwaya, musayambe nyimbo, tikufuna timve.

Mbale ili duu.

Temwa, lowa uone makinawo akuti chiyani. Thamanga, chitseko n'chotsegula. Abale anga, chisanu chonsechi ine thukuta likutsika. Charlotte, mwana wanga, usagwire kumaso, ima bwinobwino. Alongo anga, chipewa mukuchikonzeranji? Ndodoyo isiyeni pansi. Limbikani, khala pansi, ndakupempha pamaso pa anthu, ine mkulu wako.

Temwa akuti chiyani? Lankhula mokweza. Akuti makina a sako alandira, ndalama zalowa mu akaunti ya a Nzima, ndipo yankho labwerera kale kubanki ya a Hara. Ndiye foniyi yangokhala chete bwanji? Tabweretsa kuno mbaleyo. Ndikudina, sikuyaka. Ndikudinanso.

Alongo anga, foniyi ndi yozimitsa.

Akuti analamulidwa. Akuti wotsogolera mwambo ananena kuti kuzimitsiratu, ndipo iwo ndi munthu womvera malamulo. Moyo wanga wonse sindinamuonepo munthu ameneyu akumvera aliyense, wasankha lero. Bambo wotsogolera mwambo, musabisale kuseri kwa sipika, kuyamikira kuja ndabweza.

Yatsani nokha, a Nzima, ndi chala chanu, pasadzakhale zonena kuti NyaNzima anachita matsenga a ku Lilongwe. Ndi foni yamabatani, imayamba yaimba kanyimbo kake, tiipatse ulemu. Chete nonse. Ndayandikiza maikolofoni.

Mwaimva.

Amayi, nthungululu zidikire, mwini wake sanalankhule. Akufuna magalasi. Ali m'thumba la malaya, bambo, momwe amakhala masiku onse. Akuwerenga. Akuwerenganso, akuyendetsa chala. Nenani apa anthu amve.

Akuti, “Zafika.”

Avula chipewa. Amene mumawadziwa a Nzima mukudziwa kuti chipewa chimenechi sachivula ngakhale pometa. Akuyang'ana kunjinga kuja. Abwerezenso, a kumbuyo sanamve. Akuti, “Mwana wane, zanga kuno.” A ku Thyolo, ndikumasulireni: akuti mwana wanga, bwera kuno. Aaron, akuitana iweyo. Usayang'ane kumbuyo, kulibe wina. Yenda, mpatseni njira. Tsopano amayi, imbani nthungululu mpaka zimveke ku Joni.

Ndipatseni kamphindi, magalasi angawa achita nkhungu.

Bambo Gausi, Bambo Hara, Mayi Zgambo, ndakusekani kwambiri lero, ndipo mwapirira ngati anthu aulemu. Mwamanga chinthu chabwino. Kumbukirani kokha kuti uthenga uliwonse wodutsa m'kanyumbamo uli ndi munthu amene wakhala penapake akuyang'ana m'mbale. Mudzakangana, pajatu ndinu opikisana pa malonda, ndipo kanganani ndithu pa chiwongoladzanja ndi pa makasitomala. Koma mateyala musamasule.

Ndipatseni lumo. Alongo anga, bwerani mugwire riboni mbali iyi, Aaron agwire mbali inayo. Yandikiranani, mwambo walola kale.

M'dzina la onse amene anasonkha nzeru ndi chuma, pamaso pa Makhosi athu ndi pamaso pa anthu a Mzimba, ine NyaNzima, mlongo wake wa Chanthowa, ndikulengeza kuti nyumba yolumikizira mabanki ndi sako ya pa Boma pano yatsegulidwa, ndipo yatsegulidwa ndi kiyi mmodzi. Kwathu wobadwira panjira tili naye kale mmodzi, ndi wokwanira.

Akabaza, mpunga uja ndi wanu.

Yewo chomene. Zikomo kwambiri.